Wailesi ya a Sakwata ndi Mipando ya ku Layini

Ana anga, Grace ndi Tiyamike, nkhani ya mipando ya ku layini imene mwakhala mukuimva kwa anthu, aliyense akuithira mchere wake, ndinaiyambitsa ndine. Amayi anu amati ndiziinena motsitsa mawu ngati munthu wolapa. Ine sindikulapa. Ndagwira ntchito ya umesenjala mpaka imvi mbuu, maondo ayamba kulira ngati chitseko cha kusitolo, koma mukandifunsa chanzeru chimene ndinachita pa zaka zonsezo, ndikuuzani kuti ndi kupulupudza kumeneku.

Epulo, chaka chimene ndinayamba ntchito

Ndinalowa ntchito ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, atandichotsa kusekondale ndili Fomu 3. Mlandu wake unali wa chitedze ndi bulangete la pulifekiti wamkulu, amene anavina popanda ng'oma mpaka pa asembule. Agogo anu atatopa nane, ananditengera kwa a Jere, mkulu wa siteshoni ina ya zaulimi m'chigwa cha Domasi muno, kumene ankaphunzitsa alimi kalimidwe ka mpunga. A Jere anatembenuza satifiketi yanga ya JC uku ndi uku ngati akuikayikira.

"Umatha kupalasa njinga?"

"Ndimatha, bwana."

"Nanga kutseka pakamwa?"

"Ndiphunzira, bwana."

"Uyambe ndi chimenecho."

Anandipatsa khaki, njinga yakuda ya ofesi, chikwama, ndi buku losayinitsira makalata. Lamulo linali limodzi. Kalata iliyonse uilembe m'buku, mwiniwake asayine, ndipo ifike tsiku lomwelo. Malo ogona anandipezera kuseri kwa nyumba ya Mayi a Tereza, akazi a dalaivala wa thirakitala, ku layini kumene antchito tinkakhala. Layiniyo inali nyumba zisanu ndi zitatu zoyang'anizana, mpopi umodzi pakati.

Chinali chaka cha kusowa. Shuga ankabwera ku Songani mwa apo ndi apo, parafini tinkagawana pa kabotolo ka mankhwala, ndipo mabatire anthu ankawayanika padzuwa kuti atsitsimuke. Wailesi imene sinkakhala chete pa layini yonse inali ya a Sakwata, kalaliki wa kusitolo, chifukwa mabatire a matochi a alonda ankadutsa m'manja mwawo. Anali munthu waukhondo, wovala tayi ngakhale Loweruka, wolemba bwino kwambiri. Akazi awo anali Asiyatu, amene tonse tinkawatchula Abiti Amini. Kwawo kunali kupitirira Malosa, banja la Chisilamu, ndipo anakwatiwa ndi a Sakwata abale awo asakufuna. Anali ndi kamwana kakakazi kakumsana, ndi makina osokera amene ankatizigambira nawo khaki.

Loweruka loyamba masana, ndinamva wailesi ya a Sakwata ikukwera mawu, mpira utangoyamba. Ndinadzambatuka mokondwa. Mayi a Tereza anali kupeta mpunga pakhonde.

"Fanuel, khala pansi."

"Mpira wayamba, mayi."

"Si mpira umenewo."

Ndinatchera khutu. Pansi pa mawu a woulutsa mpira panali mawu ena, ndi kugunda kwa chinthu pakhoma. Ndinaona zitseko za pa layini zikutsekedwa chimodzichimodzi, ana akuitanidwa kulowa m'nyumba. Lolemba lake Abiti Amini anabwera pampopi atatsitsa mpango mpaka pachikope, n'kumati anaterereka pakhonde. Kunalibe mvula mwezi wonsewo.

"Bwanji simupitako?" ndinafunsa Mayi a Tereza.

"Tipiteko ngati ndani? Ife si ankhoswe. Ndiponso amuna anga dizilo amakasayinitsa kwa yani? Sopo wa alonda, makasu a aganyu, chubu cha njinga yakoyo, zonse zimatuluka ndi cholembera cha a Sakwata. Iwe wangobwera kumene, uzolowera."

Juni mpaka Okutobala

Sindinazolowere. Koma ndisakunamizeni kuti ndinali mngelo. Pamene ndinkaganiza zimene ndinachitazo, theka la mtima wanga linali pa Abiti Amini, theka lina linali pa mpira umene unkangowonongeka popanda womvera.

Loweruka lina, wailesi itangokwera, ndinathamangira kumene aganyu a m'munda ankakhala. Ndinawauza kuti a Sakwata awamvera chisoni, akuti aliyense wofuna mpira abwere pakhonde pawo, koma atenge mpando wake. Anabwera amuna khumi ndi awiri, wina ndi kampando, wina ndi njerwa, wina ndi ndowa yoti aivundikire n'kukhalapo. Patsogolo panali alonda athu okalamba, a Che Bwanali.

"Odi! Odi kuno!"

Mukudziwa kuti kwathu kuno odi sakanidwa. Wailesi inatsika mawu. Chitseko chinatseguka, a Sakwata anatuluka malaya ali kunja, thukuta kamukamu, lamba ali m'manja. Asanatsegule pakamwa, a Che Bwanali anavula chipewa.

"Zikomo bwana potikumbukira ife amphawi. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera."

"Mayi aswera bwanji m'nyumbamo?"

"Ali bwino."

Wachiwiri anaomba m'manja n'kufunsa chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Moni wa kwathu sadumpha munthu, ndiye a Sakwata anayankha kuti mayi ali bwino kakhumi ndi kawiri, lamba uja akusowa pomuika. Atafika kwa wa nambala seveni anamubisa kumsana. Kenako anafunsa kuti watiitana ndani.

"Wailesi yanu, bwana," ndinatero ine. "Imamveka mpaka kumunda. Ife tinati munthu sangakweze chonchi kuti amvere yekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Koma kuthamangitsa anthu khumi ndi awiri amene akuthokoza kale n'kovuta. Anaitulutsa wailesiyo n'kuiika pazenera, ife tinamvera mpira wonse mpaka wenzulo yomaliza.

Loweruka lotsatira panalibenso chifukwa chonamizira munthu. Wailesi itakwera, mipando inanyamuka yokha. A Sakwata ataona choncho anasintha nthawi, n'kukweza Lachitatu masana, amuna onse ali kumunda, pa nthawi ya mauthenga a maliro. Ine ndinali nditapita ku Domasi Mission ndi makalata. Nditabwerako ndinapeza amayi asanu pakhonde la a Sakwata, aliyense ndi lichero lake. Amene anawatsogolera anali Mayi a Tereza omwe aja a "uzolowera". Akuti anafika n'kunena kuti, "Odi bwana, tabwera kudzamvera nawo mauthenga, mwina kwathu kwagwa zovuta ife osadziwa." Tsiku lina a Sakwata anayesa kuyamba osayatsa wailesi n'komwe. Mbale itangosweka, Mayi a Tereza anali atafika kale ndi mpando wawo. "Lero sitikuimva. Yafa kodi? Tabwera kudzakupepesani."

Ine ndinkayenda ngati tambala pa layini. Amene ananditsitsa anali Abiti Amini eniake, tsiku limene ndinawapititsira kabudula wanga wong'ambika. Anasoka osandiyang'ana.

"Iwe Fanuel, ukuona ngati ndi masewera?"

"Ayi, mayi."

"Mpira umatha. Mukanyamula mipando yanu, chitseko chimatsekedwa."

Ndinafunsa ngati tisiye. Anadula ulusi ndi mano.

"Musasiye. Koma musamachoke msanga."

Kuyambira pamenepo tinkakhala mpaka dzuwa litapendeka, amuna akachoka amayi n'kutsala. A Sakwata anabwezera mmene akanathera. Dizilo ankachedwa, sopo wa alonda anasowa, ine chubu anandimana mpaka ndinayamba kuyika udzu wouma m'tayala. Koma panalibe amene anabweza mpando wake m'nyumba.

Novembala, mvula isanagwe

Chimene sindinachiganizire n'chakuti a Sakwata angathawe mipando. Anakapempha okha kwa a Jere kuti awasamutse, ndipo a Jere, amene nkhani yonse ankaidziwa koma osafuna kuitchula, anavomera mosangalala. Lolemba lina anandiitana mu ofesi, ali pa changu chopita ku msonkhano wa masiku atatu ku Zomba.

"Kalata iyi ndi ya a Sakwata. Awasamutsira ku siteshoni ya kumpoto kwenikweni. Lole imene yabweretsa fetereza ikubwerera mawa m'mawa, akwere yomweyo. Akaiphonya, ina ndi Loweruka."

"Kumeneko kuli layini ngati kuno, bwana?"

"Kuli nyumba imodzi ndi sitolo, basi. Phokoso lanu lija latha."

"Nanga mayi aja?"

"Mkazi amatsata mwamuna wake. Iwe ntchito yako ndi kalata."

Ndinatuluka nayo ikundiotcha m'manja. Nyumba imodzi, ulendo wa masiku awiri, popanda woti anene odi. Ndinaona kuti kupulupudza kwanga kwawakankhira mayi aja kumalo oipa kuposa kumene ndinawapeza. Ndinkadziwanso kuti kugoneka kalata ya boma ndi mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo agogo anu anali atandiuza kuti ndikachotsedwanso kwina, ndisabwerere pakhomo pawo. Ndinaipinda kalatayo, n'kuilowetsa m'sokosi. Ndikudutsa pa sitolo, a Sakwata anasuzumira pazenera.

"Iwe, palibe kalata yanga?"

"Palibe, bwana."

Ndinakawapeza Abiti Amini pampopi n'kuwauza zonse. Ndinawafunsa ngati akufuna kupita. Anayang'ana madzi akudzaza ndowa.

"Ndikafika kumeneko, mudzandimvera pa mauthenga a maliro."

"Ndikawauze kwanu?"

"Ajomba anati ndinadzisankhira ndekha."

"Koma ndikawauze?"

Anasenza ndowa ija, n'kuima pang'ono. "Ukawapeza, ukawauze kuti khutu lamanzere silikumvanso."

Lachiwiri lole inapita yopanda a Sakwata. Lachitatu ndinatenga njinga ya ofesi popanda chilolezo, n'kupalasa pa tayala la udzu kudutsa Malosa, dzuwa la Novembala likuswa mtengo. M'njira ndinakonza mabodza atatu abwino kwambiri. Loyamba linali loti bwana wamkulu akuwaitana, lachiwiri loti mwana wadwala mwakayakaya, lachitatu ndaliiwala koma linali lokoma kuposa onse. Ajomba awo, kutanthauza amalume awo, a Che Amadu, ndinawapeza pakhonde la golosale akusoka mkanjo, pakuti nawonso anali telala. Titalonjerana, ndinatchula dzina la Asiyatu. Phazi lawo silinasiye kupalasa makina.

"Mwana ameneyo tinamuletsa. Anatiuza kuti bambo wa tayi ndi wabwino kuposa ife. Makina amene ali nawo ndinamugulira ndine, ndiye mphatso yomaliza. Wakutuma chiyani?"

Mabodza anga onse anathawa. Ndinangoyamba kufotokoza mmene zinthu zinalili: wailesi, lamba, mipando, nyumba imodzi ya kumpoto, kalata imene inali m'sokosi mwanga. Ndinaitulutsa n'kuwaonetsa. Pomaliza ndinanena za khutu. Apo makina anaima. Kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo kunatuluka mayi wachikulire amene anakhala akumvetsera. Anali amayi a Asiyatu, mlongo wa a Che Amadu.

"Achimwene, inu pitirizani kusoka. Ine ndinyamuka wapansi."

A Che Amadu anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Mnyamata, lole ina ikubwera liti?"

"Loweruka m'mawa."

Lachinayi ndinapereka kalata ija. M'buku ndinalemba tsiku lenileni, sindinabere. A Sakwata anasayina, kenako anaona chidindo cha Lolemba pa envulopu.

"Kalata imeneyi inagona kuti masiku atatu?"

"M'sokosi, bwana. Mukhoza kuinunkhiza."

Loweruka lole inafika, katundu n'kuyamba kukwezedwa: bedi, tebulo, masutikesi, makina osokera. Wailesi inali chete, koma layini yonse inatuluka ndi mipando, aganyu ndi alonda omwe, n'kukhala mozungulira. A Jere anali atabwerako ku Zomba, anaima poteropo manja ali m'thumba. Kenako anatulukira a Che Amadu atavala mkanjo woyera, mlongo wawo ali pambuyo. Analonjera aliyense, ndi a Sakwata omwe.

"Apongozi, ife sitinabwere kudzakangana. Tabwera kudzamva kwa mwana wathu, pamaso pa anthu awa, ngati ulendowu akuufuna."

"Asiyatu, kwera," anatero a Sakwata, osawayang'ana ajombawo.

Abiti Amini anali ataima pakhomo, mwana ali kumsana. Anayang'ana amayi awo, anayang'ana ife, kenako anayenda kupita ku lole. Atafika pa tayala lakumbuyo anaima.

"Adalaivala, tanditsitsireni makina anga."

Dalaivala anayang'ana a Jere. A Jere anayang'ana nsapato zawo. A Sakwata anaponya phazi kulunjika kwa akazi awo, dzanja likupita m'chiuno. Mayi a Tereza ananyamuka, anatenga mpando wawo, anauika pakati pa awiriwo, n'kukhalapo bwinobwino, akukonza chitenje.

"Odi, bwana," anatero.

A Che Bwanali anakokera njerwa yawo pafupi ndi mpandowo. Ena onse anasendera. Panalibe wokweza mawu, panalibe wogwira munthu. Ine ndinakwera pa lole n'kutsitsa makina aja, aganyu awiri akulandira pansi. A Sakwata anandiloza chala, akuti ndidzaona. Kenako anakwera kutsogolo, wailesi yawo ili pamiyendo, lole n'kunyamuka.

Zaka zotsatira

Ukwatiwo ankhoswe anakauthetsa mwa dongosolo lake. Abiti Amini anakhala kwawo chaka chimodzi, kenako anapeza khonde ku Songani n'kuyamba kusoka. Mayunifolomu anu oyamba a ku pulayimale anasoka ndi iwowo, aja munkadabwa kuti bwanji amatembenuza mutu mukamawalankhula. Kamwana kanali kumsana kaja ndi aphunzitsi amene anakuvutitsani ndi masamu mu Sitandade 7.

Ine anandizunguza m'maofesi ambiri, Liwonde, Zomba, n'kudzabwereranso ku Domasi kumene ndapumira. Mabwana ndaona amitundumitundu, aulesi ndi olimbikira, ndipo pafupifupi paliponse ndinapeza nyumba imene imakweza wailesi pa nthawi yake. Masiku ano ndi masipika ndi nyimbo za pa foni, koma khutu lozolowera limadziwa. Sikuti kulikonse zinatheka. Ku Liwonde ndinapita ndekha ndi mpando wanga, ndinabwerako ndi mlomo wotupa, mayiyo n'kuvutika kuposa kale. Ndiye mukamva zoterezi pafupi ndi nyumba zanu, musapite nokha, ndipo musathamangire kwa abale kapena kupolisi musanamufunse mwiniwake chimene akufuna, pokhapokha ngati moyo uli pangozi pomwepo. Pano kupolisi kuli anthu ake omvera nkhani zotere, nthawi yathu kunalibe. Mumuperekeze. Ndipo musamachoke msanga.

Disembala, chaka choyamba chija

Chilango changa ndachisiyira dala kumapeto, chifukwa ndimachikonda. Lolemba lotsatira Loweruka la lole lija, a Jere anandiitana. Pa tebulo panali buku langa, lotsegula pa tsamba la Lachinayi.

"Kugoneka kalata ya boma masiku atatu. Kutenga njinga ya ofesi kupita nayo kosatumidwa. Kunamiza kalaliki. Pa zitatuzi, chilichonse chikhoza kukuchotsa ntchito. Unenapo chiyani?"

"Njinga ndimathadi kupalasa, bwana. China chija munati ndiyambe nacho ndi chimene chikundivutabe."

Anagogoda tebulo ndi cholembera. Kenako anati sandichotsa, koma njinga andilanda miyezi itatu, makalata onse ndiziyenda nawo wapansi, mvula kaya dzuwa. Anatinso andilembera kalata yochenjeza, ina ikalowa m'fayilo langa ku Zomba. Inalowadi, ndipo inanditsekereza kukwezedwa zaka zambiri. Anzanga amene ndinayamba nawo anakhala akulu a amesenjala ine ndikadali pomwepo.

Kalatayo itatayipidwa, a Jere anaimata mu envulopu, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna woipereka. Mesenjala pa siteshoni yonse ndinali ine ndekha. Anandipatsira.

"Imeneyi ifike lero."

Ndinailemba m'buku mwa dongosolo lake. Ndinayenda wapansi mpaka ku layini, n'kuima pakhomo pa chipinda changa. Mayi a Tereza anali pakhonde akundiyang'ana. Ndinati odi. Ndinalowa, ndinatembenuka, ndinadziyankha kuti lowani. Ndinadzifunsa mmene ndaswerera, ndinalandira kalatayo ndi manja awiri, n'kusayina. Kenako ndinabwerera ku ofesi kukawaonetsa a Jere buku.

"Yafika, bwana. Mwiniwake akuti zikomo kwambiri."

A Jere anatsokomola, n'kutembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka.

Kalatayo ilipo mpaka lero. Ndi ija ili m'galasi pabalaza, pamwamba pa satifiketi yopumira ntchito. Amayi anu akafuna kuitsitsa ine nditapita, muwaletse.